Brewster ya ku Finland pa 1/48: guluu, penti ndi ndime 86a

11 Januwale 2025, bokosi lafika

Kiti, bokosi la tizidutswa tomangira kandege, ndaigula kwa madala ena a ku kalabu yathu ya omanga tindege ta pulasitiki kuno ku Hannover, ku Germany, amene ayamba kuchepetsa katundu chifukwa maso sakuonanso tizidutswa ting'onoting'ono. Ndi Brewster B-239, sikelo 1/48, kandege kafupi konenepa ngati mbiya ya mowa. Finland inagula ndege 44 zoterezi ku America kumapeto kwa 1939, n'kuzipatsa manambala kuyambira BW-351 mpaka BW-394. Ndapereka mayuro 25. Bokosi ndi lopondekapondeka koma zam'kati zonse zikadali m'matumba osatsegula. Ndege yeniyeni mapiko ake anali mamita 10.67, ndiye kangaka kadzakwana masentimita 22 ndi pang'ono. Ndimanga BW-364 ya Ilmari Juutilainen, woyendetsa ndege wa ku Finland amene anagwetsa ndege 34 ali mu Brewster.

Cholinga ndi chionetsero cha kalabu pa 15 Malichi. Ndili ndi milungu 9.

Ndineneretu pano, kuti wina asadzagwe m'mbuna yomweyi: ndegeyi ndinaisankha ndikudziyesa wochenjera. Aliyense womanga ndege za nkhondo yachiwiri kuno amadziwa kuti za Luftwaffe, gulu la ndege za nkhondo la Germany, zili ndi swastika, chizindikiro cha Nazi chija, kumchira, ndipo pachionetsero amaiphimba. Ine ndinati ya ku Finland ndi yabuluu, ili pakabwalo koyera, yaima chilili osati chopendekeka, komanso inayamba dzina la Hitler lisanamveke. Imeneyi, ndinatero mumtima, palibe adzandiuze zophimba.

Nditasolola pepala la ma decal, timapepala ta zizindikiro toviika m'madzi tija, ndinapeza timabwalo toyera 6 topanda kanthu pakati, ndipo chakukona tizidutswa tabuluu 12 tokhotakhota. Swastika iliyonse aidula pawiri kuti papepalapo pasaoneke yathunthu. Pachithunzi cha pabokosi naponso timabwalo tangoyera mbee. Ndinangoti opanga kitiwa ndi amantha, n'kubweza pepalalo m'bokosi.

Zogula lero: guluu wamadzimadzi wa Tamiya mayuro 5, fila (phala lotsekera ming'alu) 4, tepi yachikasu ya mamilimita 6 ndi ya 18 mayuro 7. Sandipepa wa 600 ndi 1000 ndinali naye kale.

19 Januwale, mkati ndi thunthu

Mokhala woyendetsa ndapenta mtundu wa aluminiyamu. Kuphonya kwanga koyamba: ndinamata mpando ndisanaikemo malamba, ndiye ndachita kuwalowetsa ndi kopanira ngati ndikuzula munga kuphazi. Kapedalo kamodzi kanathawa pakopanirapo n'kulowa mu kapeti. Ndinagwada mphindi 20 ndi tochi ya pafoni, osakapeza. Ndasema kena pa khadi yakale ya SIM, ndipo galasi likatsekedwa palibe adzadziwe.

Nditayesa mapiko popanda guluu, mbali zonse ziwiri panatsala mpata wa theka la milimita. Osathamangira fila pamenepa. Ndinadula kamtengo pa felemu ya pulasitiki yomwe tizidutswa timabwerapo, n'kukapingasa mkati mwa thunthu kuti litambasuke pang'ono. Kumanja mpata unatsekeka wonse, kumanzere kunatsala kamng'alu kamene fila anamaliza. Ndalama: palibe.

26 Januwale, ndatsala pang'ono kudina

Kuganizira zolumikiza tizidutswa 12 tija kunandigwetsa ulesi. Ndinapeza sitolo ya pa intaneti ya kunja kwa Germany yogulitsa ma decal a ku Finland osadula, mayuro 11 kuwonjezerapo 6 ya positi. Chala chili pamwamba pa batani lolipirira, mayi a kunyumba anasuzumira paphewa panga.

"Abambo, chimenecho chibwera pa adiresi ino, pa dzina lanu?"

"Ndi ya ku Finland iyi amayi, si ija ayi."

"A Zoll, a kasitomu aja, mukawauza zomwezo? M'Chijeremani chanucho?"

Ndinatseka sitolo ija n'kutsegula lamulo. Ndilemba zimene ndinawerenga, chifukwa ntchito yonse yotsatira yayenda motsata zimenezi.

Ndime 86a ya Strafgesetzbuch, buku la malamulo a milandu la Germany, imaletsa kufalitsa kapena kugwiritsa ntchito poyera zizindikiro za mabungwe oletsedwa, ndipo chipani cha Nazi chili momwemo. Chilango ndi ndende mpaka zaka 3, kapena chindapusa. Imagwiranso wopanga, wosunga, wolowetsa kapena wotulutsa m'dziko zinthu zotere ndi cholinga choti zifalitsidwe kapena zionekere poyera. Kandege kongokhala pashelefu m'chipinda mwako lamulo silikalondola. Pomwe ndinakhalira pansi bwinobwino ndi gawo lachiwiri: chizindikiro chofanana kwambiri ndi choletsedwacho, moti munthu n'kuzisokoneza, chimawerengedwa chimodzimodzi. Mawu amenewa anawawonjezera mu 1994, ataona kuti otsatira Nazi atsopano ankangokhotetsa pang'ono zizindikiro n'kumazemba mlandu.

Khomo lotulukira lilipo. Lamulo limalola pamene chizindikiro chikugwira ntchito yophunzitsa, ya luso, ya kafukufuku, kapena yofotokoza mbiri ndi zochitika. N'chifukwa chake m'mafilimu ndi m'nyumba zosungira zakale mumachiona. Ndinati, nanga modelo si mbiri? Khoti lalikulu la Bundesgerichtshof linayankha kale mu 1979, ndipo mlanduwo unali wa tindege ta modelo tomwe. Linagamula kuti kugulitsa tindege tokhala ndi swastika ngati malonda a tsiku ndi tsiku sikudutsa pakhomo limenelo, ngakhale wopangayo anene kuti akungotsata mmene ndege yeniyeni inalili. Apa ndi pomwe ndinamvetsa pepala langa lija. Kampani ya makiti ya Revell ya ku Bünde siikamo konse swastika m'mabokosi ake. Eduard ya ku Czechia imazidula pawiri, ndipo zathunthu imaziika kumphepete kwa pepala, poti n'kudulapo ndi sizasi bokosi likamabwera kuno. Pazithunzi za pamabokosi ambiri, kumchira kwa Messerschmitt, ndege ya Luftwaffe, mumangopeza kadayamondi kakuda kapena kautsi kongodutsa pomwepo mwangozi.

Mwina phukusi limodzi la munthu mmodzi likanangodutsa. Koma ife okhala ndi chitupa cha mlendo sitiyesa madzi ndi miyendo yonse iwiri. Kalata iliyonse ya apolisi imakakupezanso tsiku lokawonjezera chitupa. Tizidutswa 12 tomwe tija ndito tigwire ntchito. Mayuro 17 apulumuka.

2 Febuluwale, andakoti, chikasu ndi timabwalo

Andakoti, penti woyamba wa pansi, ndinapopera wakuda, botolo la mayuro 8. Kenako ndinathira chikasu pamwamba pake pomwepo, kumphuno, lamba wa pathunthu ndi kunsi kwa nsonga za mapiko. Chinatuluka ngati nkhwani wofota. Chikasu sichiphimba kanthu, chimafuna poyera. Ndinadikira usiku umodzi, ndinapopera woyera, kenako chikasu katatu mopyapyala. Tsiku limodzi latayika chifukwa cha chinthu chomwe ndinkachidziwa kale.

Malamba achikasuwa anawaika mu 1941, nkhondo ya Finland ndi Soviet Union itayambiranso, kuti ndege za Germany ndi za ogwirizana nayo kum'mawa zizizindikirana, zisawomberane. Ndinapenta ndikudziwa zimenezi koma osaziganizira kwenikweni.

Timabwalo toyera ta papepala ndinatiyang'anira pawindo ndipo kuwala kunkadutsa. Pamwamba pa penti wakuda ndi wobiriwira tikanaoneka totuwa, malire a mitundu iwiriyo akuonekera pansi. Ndaganiza zotipenta. Kampasi yodulira, mayuro 9. Ndinayeza pa decal pomwepo: mamilimita 21 pamapiko, 17 pathunthu. Woyera kaye pamalo onse 6, kenako kabwalo ka tepi pamwamba. Chenjezo: nsonga ya kampasi imasiya kabowo pakati pa tepi. Pakabwalo koyesera penti analowa pakabowopo n'kusiya kadontho ngati diso la nsomba. Matanipo kachidutswa kena ka tepi musanapopere.

9 Febuluwale, mawanga

Kunsi buluu wotuwa, pamwamba wakuda ndi wobiriwira wonga masamba a azitona. Malire ndinapanga ndi Patafix, phala lomatira mapepala kukhoma lija, ndikulikulunga ngati tisoseji. Penti mabotolo anayi, mayuro 13. Wakuda weniweni pa kandege kakang'ono amaoneka ngati dzenje, ndiye ndinasakanizamo kadontho ka wotuwa. Nditachotsa tepi, timabwalo tonse 6 tinatuluka toyera, m'mphepete mwakuthwa. Tsiku lokhalo lomwe palibe chinavuta.

13 Febuluwale, mlandu ku kalabu

Ndinatenga kandegeko kukaonetsa, ndipo madala aja anakatembenuza m'manja, kuyamikira mawanga, kenako anagogoda kabwalo ka paphiko ndi chikhadabo. "Izi pa 15 uphimba, ukudziwa eti?"

Ndinali nditakonzekera ngati loya. Ndinayamba ndi pa 6 Malichi 1918, tsiku lomwe mfumu yaing'ono ya ku Sweden, Eric von Rosen, inapereka ndege ya Thulin Typ D kwa asilikali a Finland ku Vaasa. Pamapiko anali atajambulapo swastika yabuluu, chizindikiro chake cha mwayi, ndipo a Finland anachitenga kukhala cha ndege zawo zonse. Amachitcha hakaristi, mtanda wa ngowe, chimodzimodzi Hakenkreuz ya Chijeremani. Chipani cha Hitler chinaika chake pambendera mu 1920, patapita zaka ziwiri. Latvia nayo inali ndi yofiira pandege zake mpaka 1940. Gulu la asilikali a America la 45th Infantry Division linkavala swastika paphewa, yotengera kwa eni nthaka a kumeneko, mpaka 1939.

Ndinapitiriza. Mawu oti swastika ndi a Chisansikiriti, okhudza kukhala bwino ndi mwayi, ndipo Ahindu, Ajaini ndi Abuda akhala nacho zaka masauzande. Pamapu a ku Japan chimasonyeza pomwe pali kachisi wa Abuda. Ndinawauza kuti ine ndinachiona koyamba ndili mwana ku Limbe, pakhomo pa sitolo ya amwenye pomwe agogo ankagula nsalu. Nthawi ya Diwali, chikondwerero cha Ahindu, ankachijambula ndi ufa wofiira pansi pakhomo, ndi timadontho tinayi m'makona, ndipo agogo ankandikoka mkono kuti ndisaponde. Za Hitler ndinadzamva ndili ku sekondale. Ndinatulutsanso Carlsberg, kampani yomwe inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968: pachipata cha fakitale yake yakale ku Copenhagen pali njovu zinayi za mwala za mu 1901, ndipo m'nthiti mwa njovuzo muli swastika mpaka lero.

Madalawo anandisiya mpaka nditamaliza. Kenako anati, "Zonsezo ndi zoona, mnzanga. Wasiyako ziwiri zokha."

Choyamba, von Rosen yemweyo. Mu 1920 anachita hayala woyendetsa ndege kuti amuperekeze kwawo ku Rockelstad, ndipo woyendetsayo anali Hermann Göring, amene anadzakhala mkulu wa Luftwaffe ya Hitler. Kumeneko Göring anakumana ndi Carin, mng'ono wa mkazi wa von Rosen, n'kudzamukwatira. M'zaka za m'ma 1930 von Rosen anakhala mmodzi wa atsogoleri a Nazi ku Sweden. Izi sizisandutsa chizindikiro cha 1918 kukhala cha Nazi, anatero, koma usamamutchule ngati mboni yoyera.

Chachiwiri anangoloza lamba wachikasu amene ndinavutika naye uja. "Uyu wapenta wekha. Ankauluka mbali ya ndani mu 1942?"

Ndinakhala chete. Kuyambira Juni 1941 mpaka Seputembala 1944 Finland inkamenya Soviet Union limodzi ndi Germany. Inali ndi zifukwa zake, inali italandidwa gawo la dziko lake ndi Soviet Union mu 1940, ndipo sinali dziko la Nazi. Koma BW-364 sinali ndege ya pa Diwali.

Anamaliza ndi za holo. Chionetsero chimakhala m'holo yobwereka, pakhomo pamalowa aliyense, mabanja ndi ana. Munthu woima mamita awiri kuchokera patebulo saona 1918. Amaona ngowe zinayi zoloza mbali yomwe ija. Akajambula n'kukadandaula, amene ayankhe ndi mlembi wa kalabu, ndipo ngakhale mlandu utathera m'malere, holoyo chaka chamawa sitiipezanso. N'chifukwa chake lamulo la kalabu silisankha mtundu: yakuda, yabuluu, yofiira, zonse phimbani. Wina wa patebulo lathu anadandaula kuti khoti la Bundesgerichtshof lomwe lija mu 2007 linamasula wogulitsa mabaji a swastika yokhwatchidwa, poti zinali zoonekeratu kuti ndi zotsutsa Nazi, ndipo kuyambira 2018 ngakhale magemu a pakompyuta akhoza kuloledwa, koma ife a pulasitiki tikadali mu 1979. Madalawo anangokweza mapewa.

Mpaka pano ndimaona kuti lamulo la kalabuli limakolopa chonyowa ndi chouma pamodzi, ndipo Mfinishi atabwera n'kuona chizindikiro cha agogo ake chitamatidwa pepala sangasangalale. Koma sindinapeze choyankha pa nkhani ya mlembi. Kwa eni kudyetsa nthanga dzungu ukulifuna. Ndinabwerera pa tramu kandege kali m'bokosi la nsapato pamiyendo.

22 Febuluwale, tizidutswa 12

Vanishi wonyezimira kaye, kuti ma decal agwire popanda kuchita mbuu kunsi. Ndinadikira masiku awiri.

Kachidutswa koyamba kanangoti kakhudza madzi n'kusweka patatu. Pepalali lakhala zaka m'chipinda cha pansi cha madala aja. Ndinasiya pomwepo, ndinagula Liquid Decal Film ya Microscale mayuro 6, n'kupaka pepala lonse ndi bulashi. Likauma muyenera kudula kachidutswa kalikonse m'mphepete mwenimweni, chifukwa pepala lonse lasanduka decal imodzi. Kosweka kaja ndinakalumikiza ngati mbale yadothi, kunsi kwa phiko komwe anthu sayang'ana.

Vuto lenileni la swastika yodula pawiri ndi pamsoko. Mukasiya mpata wa tsitsi limodzi, pamatuluka kamzere koyera pakati penipeni. Mukasanjikiza, buluu amakhala pawiri ndipo pamatuluka kamzere kakuda. Yoyamba inali ndi koyera, yachiwiri kakuda. Yachitatu ndi pomwe ndinapeza njira. Ndinajambula mtanda wa pensulo wosaoneka kwambiri pakabwalo koyera, kuti ndidziwe pakati. Theka loyamba ndinaliika ndi madzi okha, n'kulisiya ola lathunthu liume. Lachiwiri ndinaliyandamitsa pakadontho ka madzi, kulikankha ndi bulashi yonyowa mpaka ligunde linzake, kenako kuyamwa madziwo ndi kathonje kuchokera kunja kulowera kumsoko. Mankhwala ofewetsa decal pomalizira penipeni, ndipo mukapaka musakhudzenso, ngakhale iyambe kuchita makwinya ngati ikufa. Imadzawongoka yokha.

Ziwiri zoyamba zija ndazikonza ndi penti, buluu wosakaniza ndi woyera mpaka afanane, pansonga ya chotokosera m'mano. Maola onse pamodzi 5, pa zizindikiro 6. Manambala ndi kanyama ka gulu la Lentolaivue 24, kamphaka kam'tchire kaja, zinatenga mphindi 40 zokha.

23 Febuluwale, chithunzi

Cholakwa chachikulu cha ntchito yonseyi sichinachitike patebulo. Usiku, ndikusangalala ndi misoko yanga, ndinajambula kandege n'kuika pa status ya WhatsApp. Pasanathe mphindi 15 mnzanga wa kuntchito, Mjeremani, anandilembera: chotsa msanga, tikambirana mawa. Pa status panga pali anthu oposa 200, a kuntchito, a kutchalitchi, makolo a kusukulu ya mwana. Ndinatha mwezi ndikuwerenga za mawu oti "poyera" ndikuganizira holo yokha, foni ndili nayo m'thumba. Ndinachotsa.

Achimwene ku Blantyre anali ataona kale, ndipo anaimba akuseka. "Aphwanga, mwapita ku Ulaya kukaopa chidole?" Msuweni wanga wa ku Leeds naye anadabwa, chifukwa ku Britain kulibe lamulo lotchula chizindikirochi mwachindunji, ndipo pazionetsero zawo michira ya Luftwaffe imakhala poyera. Zimatengera pomwe waima. Austria ili ndi malamulo ake okhwima, la 1947 ndi la 1960. Ku Australia, boma la Victoria linaletsa kuonetsa poyera Hakenkreuz ya Nazi kumapeto kwa 2022, koma linalemba momveka kuti swastika ya Ahindu, Abuda ndi Ajaini siikhudzidwa.

Mawa lake mnzathu wina wa ku Gujarat, atamva nkhaniyi pa tiyi, anati iye chaka chilichonse amajambula yake pa Diwali, koma mkati mwa chitseko, osati panja pakhonde pomwe amayi ake amajambula kwawo. Sananene modandaula. Anangonena ngati akunena za tsiku lotaya zinyalala.

Kuyambira pano chithunzi chilichonse ndimayamba ndafufuta pakati pa timabwalo ndisanatumize.

2 Malichi, vanishi womaliza

Utsi wa injini, penti wokalika pomwe woyendetsa amaponda, kenako vanishi wosanyezimira, mayuro 4. Galasi, pulopela, matayala, waya wa wailesi. Kandege katha. Chatsala ndi kubisa chimene ndinathera maola 5 ndikuwongola.

8 Malichi, tepi yandilanda phiko

Ndinati ndiyese kuphimba kusanafike tsiku. Ndinadula timabwalo ta tepi yachikasu yomwe ija, ndinamata pa zinayi zooneka, ndinasiya usiku. M'mawa zitatu zinamatuka bwino. Ya paphiko lakumanzere inatuluka ndi theka la swastika, n'kusiya theka linalo litang'ambika ngati chikhadabo. Ndinakhala ndikuyang'ana kachidutswa kabuluu kali pa tepi, khofi mpaka kuzizira.

Zifukwa ndi ziwiri, zonse zanga. Decal yopakidwa filimu ija ndi yokhuthala ndipo sinagwire kwenikweni pansi, komanso vanishi wa pamwamba ndinapopera mopyapyala kwambiri poopa kuti ayera. Tepi sindinayambe ndaimata padzanja kuti mphamvu ichepe, chomwe ndimauza anzanga nthawi zonse.

Ndinaganizapo zongothana nazo. Pa 1 Epulo 1945 Finland inasiya swastika pandege zake n'kuika kabwalo koyera kokhala ndi mkombero wabuluu, ndipo ma Brewster otsala anauluka ndi chizindikiro chimenecho mpaka 1948. Ndikanapenta chomwecho, sindikanaphimba kanthu ndipo ndikanajambula mmene ndikufunira. Koma malamba achikasu anachotsedwa nkhondo ndi Soviet Union itaima mu Seputembala 1944, ndiye nawonso akanayenera kupita, pamodzi ndi nambala ndi zizindikiro za Juutilainen. Kunali kuyambiranso penti yense mlungu umodzi. Amene mukufuna Brewster ya ku Finland yokaonetsa kuno popanda mutu kuwawa, sankhani ya 1945 bokosi lisanatsegulidwe. Ine ndinachedwa.

Kukonza: ndinapala chotsalacho ndi sandipepa wa 1000 wonyowa, kupoperanso woyera mkati mwa mphete ya tepi, kenako kudula chikombole cha tepi potengera muyeso wa ya phiko linalo. Timizere 6 towongoka, mpeni watsopano, rula yachitsulo. Buluu uja ndinasakaniza wa chotokosera m'mano anali atatsalako m'kabotolo. Yopentayi yaoneka bwino kuposa ma decal onse asanu, ilibe msoko. Zikanakhala kuti ndinayamba choncho, mayuro 6 a filimu ndi maola 5 aja sakanapita.

Zophimbira zatsopano sizikhudza decal konse. Ndadula timabwalo ta pepala loyera lokhuthala pang'ono, mamilimita 22 ndi 18, ndipo kalikonse kamagwira ndi timadontho tiwiri ta Patafix tochepa ngati njere ya mawere, toikidwa m'mphepete pa penti woyera. Ta pathunthu ndinayamba ndatikulunga pa pensulo kuti tipindike. Ta kunsi kwa mapiko ndaikanso, chifukwa ana amawerama.

15 Malichi, holo

Pakhomo mlembi wa kalabu ankayendera tebulo lililonse ndi kabokosi ka timapepala tomata, zitseko zisanatsegulidwe. Anawerama pa Brewster yanga, kusuzumira kunsi, n'kudutsa. Tebulo la pafupi panali ma Messerschmitt asanu ndi Stuka, michira yonse ili ndi timakona ta pepala lachikasu ngati yavulala. Wina anachita mwaluso: anamanga kachithunzi ka pabwalo la ndege, ndipo kumchira kuli makaniko ataponyapo lona. Kutsidya kunali Gloster Gladiator ya ku Latvia, nayonso timabwalo tangoyera. Mwini wake ndi ine tinangoyang'anana n'kuseka.

Pakhadi ya patsogolo pa kandege ndinalemba dzina la ndege, gulu, chaka cha 1942, ndi mizere itatu: kuti pansi pa mapepalawa pali chizindikiro cha ndege za Finland cha 1918 mpaka 1945, kuti chinayamba chisanakhale cha Nazi, ndiponso kuti m'chaka chimenechi Finland inkamenya nkhondo mbali imodzi ndi Germany. Mzere wachitatuwo mu Januwale sindikanaulemba. Anthu amene anaima n'kuwerenga ndinawawerenga, anakwana 7 tsiku lonse. Mmodzi, bambo wachikulire, anandiuza kuti anaiona BW-372 yeniyeni ku nyumba yosungira ndege ya ku Tikkakoski ku Finland, ija anaivuula m'nyanja ina ku Karelia mu 1998, ndipo chizindikiro chikuonekabe pathunthu. Kamtsikana kena kanafunsa bambo ake chifukwa chake ndegeyi ili ndi mapulasitala.

Mphoto sindinapate. Woweruza anandionetsa msoko kunsi kwa mphuno umene sindinauone milungu 9 yonseyi.

Ndalama zonse: kiti 25, guluu, fila ndi tepi 16, andakoti 8, kampasi 9, penti 13, filimu 6, vanishi 4, tebulo la pachionetsero 5. Pamodzi mayuro 86. Mayi a kunyumba ataona nambalayo anaseka mpaka kugwira chitseko.

Kunyumba ndachotsa timapepala tonse 6, palibe chamatuka. Ndatisunga m'kabotolo ka mankhwala, ndalembapo BW-364, chifukwa mu Okutobala kuli chionetsero china. Msoko wa kunsi kwa mphuno uja ndiupala Loweruka likubwerali.